Nyimbo za m'Chigafa

Luckness adapeza malo pa benchi ya makolo, pafupi ndi zenera, nakhala atafumbata kachikwama kake pamiyendo. Holo ya mishoni inali itadzaza kale. Ana a sukulu za sekondale za m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi adakhala m'magulumagulu malinga ndi yunifomu zawo, ndipo phokoso lawo linkagunda malata n'kubwerera pansi. Pambali pake padakhala a Elube, mnzake wa ku Chigwirizano cha amayi a mpingo, amene adakwera nawo lole imodzi kuchokera ku Nachisaka m'mamawa. Mwana wa a Elube anali woimba ng'oma m'gulu la sukulu ya ku Kasakula.

Luckness adabwera kudzaona mwana wake mmodzi yekhayo, Hope, wa Fomu 3. Mtsikanayo ankakhala ku Kasakula ndi amalume ake, Reinford, mlongo wake wa Luckness womuponda pamutu, amene ankaphunzitsa Chichewa ndi kutsogolera kwaya pa sukulupo. Kwa miyezi ingapo Hope akabwera kumudzi ankangonena kuti akukonzekera sewero la nyimbo, kuti gawo lalikulu adampatsa iye, koma kuti amalume adawaletsa kuulula nkhani yake. Luckness ankaseka, nati Reni adali wobisabisa zinthu chiyambire ali mwana.

Mkulu woyendetsa mwambo adafotokoza kuti mpikisanowo unali ndi magulu awiri. Loyamba linali la masewero opeka okha, amene nkhani ndi nyimbo zake sizidamvekepo kwina kulikonse. Lachiwiri linali la masewero otengera, ochokera m'buku, m'nthano kapena m'nyimbo za anthu ena. Onse adzayamikiridwa, koma opita ku Lilongwe kukakumana ndi zigawo zina adzachokera m'gulu loyamba lokha. Luckness sadazitengere zimenezi. Maso ake anali pa nsalu yakuda imene idatchinga nsanja.

Sukulu zingapo zidadutsa. Ina idaimba nthano yakale imene aliyense ankaidziwa, ina ya ku Chisepo idachita sewero la mnyamata wogulitsa mbewu zabodza ndipo anthu adaseka mpaka kutsokomola. Kenako adaitana a ku Kasakula.

Nsalu itatseguka, pa nsanja padaoneka mitengo yopingasa yokolekapo masamba ouma a nthochi. Sipadafunike wofotokoza: aliyense m'holomo adaona kuti ndi chigafa cha fodya. Atsikana adakhala pansi ngati akusoka masamba, anyamata kumbuyo akung'ung'udza chapansipansi. Hope adatulukira kumanzere atasenza kamtolo, nsalu ili yafumbi, akuyenda ngati munthu amene mapazi atupa. Adaima pakati, natula kamtoloko, nayamba:

"Musandifunse, amayi, musandifunse,
ndabwera ndekha.
Mapiri ndakwera, zigwa ndatsika,
ndabwera ndekha."

Luckness adaizindikira nthawi yomweyo. Nyimboyo inali yake. Sadaiphunzire kwa munthu, ndipo padziko lonse munthu amene adamumvapo akuiimba anali mmodzi.

Bambo wake wa Hope, Felton, adali mlendo wochokera kumwera amene adabwera kudzagwira ntchito m'minda ya fodya. Adakwatira Luckness nakhala pachikamwini, ngakhale azakhali ankanena kuti mwamuna amene kwawo palibe adakuonako n'ngovuta kumudalira. Hope atangoyamba kuyenda, Felton adapita ku esiteti ina ku Kasungu, nati adzabwera fodya akagulitsidwa. Mvula idagwa n'kusiya, idagwanso n'kusiya, iye osaoneka. Luckness adasiya mwana ndi agogo ake namulondola mwamunayo. Adakampeza ali kapitawo, ali ndi nyumba ya njerwa ndi mkazi wina woyembekezera. Pamaso pa mkaziyo ndi antchito, Felton adati mayiyu ndi wa kumene ankagwira ntchito kale, ndipo amangomuvutitsa. Mkazi watsopanoyo, posadziwa chochita, adamutungira madzi m'kapu yothyoka chogwirira. Luckness adagona m'chigafa cha pa esitetipo masiku angapo, akuyembekeza kuti mwamunayo abwera kudzalankhula naye paokha. M'malo mwake kudabwera wantchito ndi mawu akuti azipita.

Pobwerera, amene adamuchingamira pamsewu anali Reinford, nthawiyo ali Fomu 4. Adakhala pansi pa msuku, ndipo Luckness adamuuza zonse, osasiya ndi kapu yomwe. Adati kuseka kwa mudzi sangakupirire, bola anene kuti Felton adamwalira ndipo abale ake adakamuika kwawo. Reinford adavomera, nalumbira kuti sadzauza munthu. Monga mwamuna wa pabanjapo, ndiye amene adakapereka uthengawo kwa amayi awo. Anthu adabwera kudzapepesa, a mpingo adapemphera, ndipo Hope adakula akudziwa kuti ndi mwana wamasiye.

Nyimbozo zidabwera chaka chomwecho, m'chigafa cha kwawo. Luckness akusoka fodya, Reinford akumupatsira masamba, mawu ankangotuluka okha. Ankaimba chapansipansi, ndipo munthu wina akangolowa ankaleka.

Tsopano nyimbo zomwezo zinkatuluka pakamwa pa mwana wake, pamaso pa holo yonse.

Reinford adasintha zina. Mayi wa m'sewerolo adamutcha Thoko, ndipo mwamuna adamusandutsa dalaivala wa m'tauni. Koma ulendo unali womwewo, mawu okana anali omwewo, ndipo mtsikana woimira mkazi wachiwiri adatulukira atanyamula kapu yothyoka chogwirira. Luckness adafuna kudzuka kuti atuluke, koma adakhalabe pomwepo. Adayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati wina akumuyang'ana. Padalibe. Amayi ena ankapukuta misozi ndi ngodya za nsalu, ndipo a Elube adamutsina pa ntchafu namunong'oneza kuti achimwene akewo Mulungu adawapatsa mutu.

Chimene chidamupweteka koposa n'chakuti sewerolo linali lokoma. Nyimbo zimene iye ankaimba ndi mawu amodzi otopa, Reinford adaziika m'mawu anayi. Anyamata ankazinyamula pansi, atsikana n'kuzikweza, ndipo mawu a Hope ankadutsa pakati pawo ngati ulusi woyera pa nsalu yakuda. Panalinso nyimbo ina imene Luckness sankaidziwa, ya mwamunayo akudziikira kumbuyo, ndipo nayonso inali yabwino. Mathero okha ndiwo adali achilendo. Thoko adamuululira mwana wake, mwanayo adamukumbatira nthawi yomweyo, ndipo onse adavina chimtali mpaka nsalu idatsekeka. Holo idaimirira. Luckness adaimirira nawo kuti asadabwitse anthu.

Nthawi ya nkhomaliro Hope adathamangira kwa iye, nkhope idakali ndi phulusa limene adamupaka kuti aoneke wamkulu. Adafunsa ngati amayi ake akondwera. Luckness adamukonza kolala ya bulauzi, nati waimba bwino. Zinali zoona, ndipo mtsikanayo adabwerera kwa anzake akudumphadumpha. Reinford sadayandikire. Adamukwezera dzanja ali patali, kenako n'kutanganidwa ndi zingwe za kiyibodi zimene zinali zokulunga kale. Luckness adadziuza kuti palibe chaipa kwenikweni. Maina adasinthidwa, anthu aona ngati nkhani yopeka. Adzamuyankhula kunyumba, awiri okha, ndipo adzamufunsa chifukwa chake sadapemphe.

Madzulo oweruza asanalengeze zotsatira, mtsogoleri wawo, mayi Eveline, mphunzitsi wopuma wa tsitsi la imvi, adati pali dandaulo lofunika kulimva poyera. Adaimirira a Gregorio, mphunzitsi wa sukulu ya ku Chisepo, amene sewero lawo la mbewu zabodza linalinso m'gulu loyamba. Adati sewero la a ku Kasakula n'labwino, koma lili m'gulu lolakwika. Ali mnyamata adamvapo pa wailesi sewero la mayi amene ankanama kuti mwamuna wake adafa, ngakhale dzina lake adaliiwala. Adaonjeza kuti nyimbozo sizikumveka ngati za munthu wophunzira kuimba pa kiyibodi. Zikumveka ngati nyimbo za amayi pa ntchito, zimene wina wangozitola n'kuziveka malaya atsopano.

Ana a ku Kasakula adayamba kung'ung'udza, koma mayi Eveline adawakhalitsa chete ndi dzanja. Adaitana Reinford kutsogolo.

"Aphunzitsi, kufanana kwa nkhani si mlandu," adatero. "Amuna othawa mabanja ali ponseponse, ndipo aliyense angathe kulemba za iwo. Chimene tikufunsa n'chakuti, kodi padali wina amene adachiumba kale chinthuchi musanachigwire? Ngati mudachitola m'moyo, n'chanu. Ngati mudachitola m'buku, pa wailesi, kapena pakamwa pa woimba wina, kaya wodziwika kaya wosadziwika, ndiye kuti mwatengera. Kutengera si kuba, komatu kuli ndi gulu lake."

Reinford adayankha kuti zonse zidachokera m'mutu mwake. A Gregorio adati ndi mmene amayankhira aliyense. Woweruza wina, bambo wamagalasi, adati popeza dandaulolo silingatsimikizike ndiponso silingatsutsike, njira yopanda chiopsezo n'kulisamutsira sewerolo ku gulu lachiwiri, kuti asakachite manyazi ku Lilongwe wina akakalizindikira. Mayi Eveline adagwedeza mutu ngati akuvomereza.

Luckness adamudziwa mlongo wake. Adaona mmene adapukutira manja pa buluku, mmene ankachitira ali mwana akafuna chinthu chimene amukaniza. Kwa zaka zambiri Reinford ankadandaula kuti adamutaya ku sukulu ya kuphiri kumene palibe angamve zimene amatha. Kumbuyo kwake ana ake a sukulu adaunjikana m'mbali mwa nsanja, ena atagwirana manja. Reinford adayang'ana anawo, kenako adayang'ana ku benchi ya makolo. Luckness adapukusa mutu pang'onopang'ono, ndipo adaona bwino kuti Reinford wamuona.

"Nkhaniyi sindidaimve pa wailesi," adatero Reinford. "Idachitika m'banja mwathu. Ndidaiona ndi maso angawa."

A Gregorio adati zimenezonso aliyense angathe kunena.

"Mwini wake ali muno," adatero Reinford. "Ndi achemwali anga."

Reinford adali ndi mlongo mmodzi. Anthu a ku Nachisaka ndi a ku Kasakula onse ankadziwa zimenezo. Mitu idayamba kutembenuka, benchi ndi benchi, ngati chimanga mphepo ikamadutsa m'munda. Dzanja la a Elube, limene linali pa bondo la Luckness, lidachoka pang'onopang'ono n'kukakhala pa bondo la mwini wake.

Mayi Eveline adaoneka kuti sadakondwe. Adati iwo sadapemphe kuti atchule munthu. Kenako adafunsa za nyimbo.

"Nyimbo ndidapeka ndekha," adatero Reinford. "Mawu ndi maimbidwe omwe."

Adanena zimenezi akuyang'ana oweruza, mawu ake osanjenjemera.

Bambo wamagalasi adati popeza mayiyo alipo, ndi bwino atsimikize yekha. Luckness adapezeka ataimirira. Mnyamata wina adabwera ndi chimkuzamawu koma iye adachikana. Mayi Eveline adamufunsa mofatsa ngati zimene aona pa nsanja zidamuchitikiradi.

Luckness adafunafuna Hope. Adamupeza ataima kumapeto kwa gulu, atavalabe nsalu yafumbi ija. Anzake onse ankayang'ana oweruza. Iye yekha ankayang'ana amayi ake, pakamwa pali potseguka pang'ono.

"Zidachitika," adatero Luckness.

"Pali china chimene mukufuna kuonjezera, mayi?"

Chinalipo. Chinali pa lilime pomwe. Akadangonena kuti nyimbozo adapeka ndi iye, m'chigafa, mlongo wake akumupatsira masamba, sewerolo likadagwera ku gulu lachiwiri nthawi yomweyo, ndipo Reinford akadaima pamenepo ali wabodza pamaso pa ana ake a sukulu. Adafuna kutero. Adafuna ndi mtima wonse kuti nayenso amve mmene maso a holo yonse amalemerera. Koma adaona kamtsikana kamene kadanyamula kapu kakulira kale, ndi mwana wa a Elube atakumbatira ng'oma yake. Anawo sadamulakwire. Adaganizanso za chimene chikadatsatira: a Gregorio akadafuna umboni, bambo wamagalasi akadati aimbe, ndipo iye akadaima pakati pa anthu amene angomva kumene kuti adakanidwa ndi mwamuna, n'kumawaimbira. Reinford adali atamuvula zokwanira.

"Palibe," adatero, nakhala pansi.

Oweruza adanong'onezana pang'ono. Mayi Eveline adalengeza kuti moyo wa munthu si buku kapena sewero la wina, choncho sewero la a ku Kasakula n'lopeka okha, ndipo ndilo lapambana. Ana adakuwa, ng'oma idalira, anyamata adamunyamula Reinford m'mwamba. Luckness adatulukira khomo la m'mbali.

Reinford adamupeza kuseri kwa holo, pansi pa mitengo ya bulugamu, taye ili yopotoka chifukwa cha kunyamulidwa. Adalankhula zambiri ndiponso mofulumira. Adati sadakonzekere kumutchula, adamupanikiza. Adati ana aja adavutika miyezi yambiri, ena akuyenda mtunda wautali kubwerera kwawo ataphunzira nyimbo, ndipo sakadalola kuti a Gregorio awalande ndi bodza. Adati Hope wakula, tsiku lina akadamva ndithu. Adati nkhaniyo yamulemera nayenso zaka zonsezi, pakuti ndiye adakanama kwa amayi awo, ndipo amayiwo adamwalira asakudziwa zoona. Kuilemba ndiyo inali njira yake yoitulira.

Luckness adamusiya mpaka adatha.

"Nanga nyimbo?"

Reinford adayang'ana pansi. Adati zimene achemwali ankaimba zinali mizere iwiri kapena itatu, zopanda poyambira ndi pothera. Iye ndiye adaziika m'mawu anayi, adaonjeza ndime, adapeka ya mwamuna ija yonse. Akadapanda iye, zikadathera m'chigafa momwemo. Ndipo akadanena kuti n'za achemwali, akadaluza.

"Ndikudziwa kuti udagwira ntchito, Reni. Ndamva ndi makutu anga, udazikometsa." Luckness adalankhula motsitsa. "Koma taona mmene wagawira. Chamanyazi wanena pamaso pa anthu kuti n'changa. Chokoma wati n'chako. M'zaka zonse zija ndidatulukamo ndi zinthu ziwiri zokha, mwana ndi nyimbozo, ndipo lero wazigwiritsa ntchito zonse osandifunsa."

Reinford adati ku Lilongwe akhoza kukanena kuti adathandizidwa ndi achemwali ake.

"Ukakanena choncho akubweza. Iwenso ukudziwa kuti sukanena."

Reinford adakonza taye yake. Kutsogolo kwa holo wina ankamuitana kuti adzajambulitse ndi chikho. Adaima pang'ono, akuyang'ana uku ndi uku, kenako adati abweranso pompano. Adapita.

Hope adabwera atasamba kumaso ndi kuvala yunifomu. Sadakwere lole ya sukulu. Adauza mnzake kuti akauze amalume kuti wapita ku Nachisaka, nakwera ya makolo. M'lolemo anthu adawasiyira malo aakulu kuposa amene ankafunika. A Elube adakhala kutsogolo, akucheza ndi mayi wina za mtengo wa soya ngati ndiyo nkhani yokhayo ya tsikulo. Lole idakwera zitunda ikubuula, dzuwa likupendekera kumbuyo kwawo, ndipo mayi ndi mwana sadalankhulane mpaka adatsika.

Ali m'kanjira ka kumudzi, Hope adafunsa osatembenuka ngati bambo ake ali moyo. Luckness adati sakudziwa, koma tsiku limene adachoka ku Kasungu adali moyo. Adayenda pang'ono. Hope adafunsanso ngati bambowo adafunsako za iye. Luckness adalingalira zonama kachiwiri, bodza laling'ono lokha, koma adati ayi, sadafunse.

"Ndakhala ndikuyeserera kulira kwanu miyezi yonseyi," adatero Hope. "Amalume ankandiuza kuti ndiyende chonchi, ndigwire kapu chonchi. Ankati ndikuchita bwino chifukwa ndili ndi luso."

Adafulumiza mapazi nakafika kunyumba yekha. Zimene zidachitika m'sewero sizidachitike. Padalibe kukumbatirana. Lamlungu madzulo Hope adabwerera ku Kasakula, ndipo atafika adachotsa katundu wake m'nyumba ya amalume nakakhala ndi atsikana anzake ochita lendi pafupi ndi msika.

Nkhani idafika kumudzi lole isanazime n'komwe. Akulu a mpingo adamuitana Luckness, namufunsa mwaulemu, ndipo adamuuza kuti ayambe wapumira ku Chigwirizano kufikira atakambirana. Azakhali amene adatsala, okalamba kwambiri tsopano, adatumiza mawu akuti iwo adanena kalekale. Pachitsime amayi ankamupatsa moni bwinobwino, kenako n'kudikira kuti asenze ndowa achoke. A Elube adabwera kamodzi ndi mbale ya nyemba, nakhala pakhonde nthawi yaitali, nati chimene chikuwawawa n'chakuti adalira naye maliro a munthu wamoyo. Luckness sadawatsutse.

Ku Lilongwe Hope adapita. Adati sangawasiye anzake, ndipo Luckness sadamuletse. Sewerolo silidapambane, koma nyimbo yoyamba ija wina adaijambula pa foni, ndipo pasanapite nthawi inkamveka m'magolosale a pa Kasakula ndi pa njinga zamoto za kabaza. Tsiku lina ku chigayo Luckness adamva atsikana awiri akuiimba, wina akuuza mnzake kuti adapeka ndi mphunzitsi wa kuphiri. Ankaiimba mofulumira, akugwedeza mapewa. Luckness adathira ufa wake m'thumba, namanga, nachoka.

Reinford adabwera kumudzi m'nyengo yozizira, tsiku la chifunga. Adampeza Luckness akupuntha soya pabwalo. Chiyambire ali mwana, iye akafika pakhomopo ankangolowa kukhitchini n'kuyamba kuvundukula mapoto, Luckness akumukalipira kuti iwe, sudzakula. Tsikuli adaima m'mphepete mwa bwalo, atanyamula chipewa m'manja.

Luckness adaika ndodo pansi, nakutumula mankhusu pa nsalu yake. Adalowa m'nyumba natulutsa mpando wa ndalema umene ankakhazikapo abusa ndi alangizi a zaulimi akabwera. Adaupukuta, nauika pansi pa mtengo wa mango. Kenako adabwerera m'mbuyo masitepe angapo, nagwada, naomba m'manja mofatsa.

"Mwayenda bwanji, aphunzitsi?"

"Achemwali, ndine Reni."

"Takuonani. Khalani. Ku sukulu mwasiyako bwanji?"

Reinford adayang'ana khomo la khitchini, limene linali lotseguka, utsi ukutuluka pang'onopang'ono n'kusakanikira ndi chifunga. Adayang'ananso mlongo wake, amene adali chigwadire, manja ali pamodzi, akudikira yankho monga amachitira ndi mlendo aliyense. Adapita pansi pa mango paja, nakhala pa mpando, chipewa chili pa maondo.